Funsani Akochi: ma puzzle ndikuchita daily, nanga blitz ndikuluziranji?

Mwezi uno mafunso ambiri amene mwatumiza akuzungulira pamalo amodzi, magemu a chess othamanga, blitz ndi bullet, ndiye ndatolapo angapo amene akuimira ena onse. Ena ndawadulako chifukwa anali aatali zedi koma mfundo zake sindinasinthe.

FUNSO: Akochi, ine ma puzzle ndimachita tsiku lililonse pa Lichess, webusaiti yosewererapo chess, rating yanga ya ma puzzle yafika 2000 koma ya blitz yangokakamira pa 1100 chaka chonse chino. Pa puzzle ndimatha kupeza checkmate ya ma move anayi, koma ndikalowa gemu ya 3+2 ndimangopereka bishop ulele move ya 15 isanakwane. Kodi ma puzzle wa ntchito yake ilipodi kapena ndikungotaya nthawi?
Wotopa ndi kuluza

YANKHO: Achimwene, ntchito ilipo ndithu, musasiye ayi. Koma tiyeni tiyambe ndi masamu pang'ono kuti muone chimene chikukuchitikirani. Gemu ya 3+2 ndiye kuti muli ndi mphindi 3, ndipo move iliyonse mukasuntha amakuwonjezerani masekondi 2. Tiyerekeze gemu yafika ma move 40. Mphindi 3 ndi masekondi 180, kuwonjezapo 80 a increment, onse pamodzi 260, mukagawa ndi 40 mupeza masekondi 6 ndi theka pa move imodzi. Pa 3+0 ndiye ndi 4 ndi theka basi. Tsopano dzifunseni, puzzle ya ma move anayi ija munaipeza pa masekondi angati? Ndikukhulupirira munakhala nayo mphindi ziwiri, zitatu, mwina zisanu, mukuyesa apa ikukana, mukubwerera, mukuyesa pena. Zimenezo ndi zabwino, kumeneko ndi kuwerengera, koma pa blitz nthawi yowerengera chonchi mumaipeza kawiri kapena katatu pa gemu yonse. Ma move ena onse mumasewera ndi zimene diso laona lokha musanayambe n'kuganiza komwe.

Ndiye pali zinthu ziwiri zosiyana apa, kuwerengera ndi kuona. Inu mwalimbitsa choyambacho, chachiwiri chatsalira.

Nkhani ya kuonayi si maganizo anga chabe. Adriaan de Groot, katswiri wa maganizo a anthu wa ku Netherlands amenenso ankasewera chess bwino kwambiri, anafufuza zimenezi m'ma 1940, ndipo anapeza kuti akatswiri akuluakulu sikuti amawerengera ma move ochuluka modabwitsa kuposa osewera abwino wamba, koma move yabwino imawabwerera msanga, nthawi zambiri m'masekondi oyambirira enieniwo. Kenako mu 1973 William Chase ndi Herbert Simon ku Carnegie Mellon anaonetsa anthu bolodi kwa masekondi 5 okha n'kuwauza kuti abwezeretse ma piece mmene analili. Ikakhala position yochokera mu gemu yeniyeni, master ankabwezeretsa zambiri, woyamba kumene zochepa chabe. Koma atangomwaza ma piece mwachisawawa, mosatsata mmene gemu imayendera, master uja anatsika n'kuyandikana ndi enawo. Ndiye kuti si mutu wokumbukira chilichonse ayi, ndi zithunzi zimene anaziona kambirimbiri, king wachita castle ndi ma pawn atatu kutsogolo kwake, knight pa f3, bishop pa g2 (f3 ndi g2 ndi maina a mabokosi a pa bolodi), zonsezo iye amaziona ngati chinthu chimodzi. Zili ngati mmene mumazindikirira m'bale wanu pakati pa chigulu cha anthu, simuyamba mwayeza mphuno ndi makutu, mwangomuona basi mwadziwa.

Vuto lachiwiri ndi ili, puzzle imakunong'onezani. Mukangoitsegula mukudziwa kale kuti pali chinachake, kuti move yopambana ilipo ndipo ndi yanu. Mu gemu palibe amene amakugwirani paphewa kunena kuti achimwene taimani, apa pali fork, piece imodzi kuloza ziwiri nthawi imodzi. Komanso puzzle pafupifupi nthawi zonse inu ndi amene mukumenya, pomwe bishop mukunenayo mukuipereka chifukwa simunayang'ane chimene mnzanuyo akufuna kukuchitani. N'chifukwa chake musamafanizire ma rating awiriwo, anthu ambiri ya ma puzzle imakhala pamwamba kwambiri, si inu nokha.

Chochita chake, kwa mwezi umodzi tsitsani ma puzzle. Pa Lichess pali posankha kuti akhale ophweka, sankhani pamenepo, muzichita a move imodzi kapena ziwiri, ambirimbiri, mpaka muziwapeza musanathe kupuma kawiri. Zimaoneka zochepetsa munthu wa 2000 koma chitani. Ndipo puzzle iliyonse musanasunthe, tayani sekondi imodzi kufunsa kuti kodi akanakhala kuti akusuntha ndi mnzangayu, akanandichita chiyani? Chizolowezi chimenechi ndi chimene mukufuna chilowe m'magemu anu. Chachitatu, ma piece osatetezedwa. John Nunn, grandmaster wa ku England, ndi amene anatchukitsa mfundo yoti piece yopanda woiteteza imagwa, ndipo ndi zoona, fork ya queen yambiri imagwira ntchito chifukwa penapake pali knight kapena bishop yangokhala yokha. Pa nthawi imene mnzanu akuganiza, m'malo moyang'ana wotchi yake, werengani ma piece anu ndi ake amene alibe chitetezo. Mukamachita zimenezi bishop zaulere zija zichepa sabata yomweyo.

FUNSO: Ndayamba chess chaka chatha, ndine mtsikana wa zaka 19. Aliyense amangoti phunzira ma tactics, koma ali ambirimbiri, ndiyambire pati? Ndipo ndibwino kuchita atsopano tsiku lililonse kapena kubwereza omwewo?
Woyamba kumene

YANKHO: Achemwali, funso lanu lachiwirilo ndi labwino kwambiri ndiye ndiyamba ndi loyamba mwachangu. Yambani ndi fork, makamaka ya knight, chithunzi chake choyamba ndi knight kufika pa c7 kupereka cheki kwa king ali pa e8 uku ikuloza rook pa a8. Kenako pin, pamene piece singasunthe chifukwa kumbuyo kwake kuli chachikulu, ndi skewer imene ndi pin yotembenuza, chachikulu chili kutsogolo chikathawa mumadya chakumbuyo. Kenako discovered attack, kusuntha piece imodzi n'kutsegulira ina njira. Kenako checkmate ya mzere wakumbuyo, king watsekeredwa ndi ma pawn ake omwe pa f7, g7 ndi h7, rook n'kutsikira pa mzere wa 8. Ndi kuchotsa woteteza, kudya kapena kuthamangitsa piece imene ikugwira inzake. Zisanu ndi chimodzi zimenezi zikakhazikika, magemu ambiri a anthu oyamba mudzaona kuti amathera pompo.

Musazisakanize poyamba. Tengani mutu umodzi, tinene fork, muchite ma fork okhaokha masiku angapo mpaka diso lizolowere, kenako pin. Mukamaliza yonse ndiye sakanizani, chifukwa mu gemu sadzakuuzani mutu.

Tsono za kubwereza. Ine ndili kumbali ya kubwereza, ndipo molimba. Pali njira imene ma grandmaster awiri a ku Sweden, Axel Smith ndi Hans Tikkanen, anailemba m'buku mu 2018, amaitcha Woodpecker Method. Mumatenga mulu umodzi wa ma puzzle, mumaumaliza mwina pa masabata anayi, mukapumako pang'ono n'kuyambiranso omwewo koma pa theka la nthawi ija, masabata awiri, kenako sabata imodzi, mpaka mulu wonse muzitha kuumaliza tsiku limodzi. Anthu ena amati aaa kumeneko ndi kuloweza chabe, position yomweyo sidzabweranso. Zoona sidzabwera ndendende, koma chithunzi chake chimabwera, ndipo chimenecho ndi chimene mukufuna.

Taikani izi pa bolodi yanu muone. King wa zakuda pa g8, rook yake pa a8, ma pawn pa g7 ndi h7, pawn ya f7 kulibe. Wa zoyera ali ndi knight pa g5 ndipo queen wake angathe kufika pa e6. Queen pa e6, cheki. King akapita f8, queen pa f7 checkmate pompo chifukwa knight ikumuteteza, ndiye amathawira pa h8. Knight pa f7, cheki, king abwerera g8. Knight pa h6, tsopano cheki ndi iwiri nthawi imodzi, ya knight ndi ya queen, palibe kutchinga palibe kudya, king abwerera h8. Apa ndiye pokoma, queen pa g8, mukumupereka dala. King sangamudye chifukwa knight ya pa h6 ikuyang'ana g8, ndiye rook iyenera kudya, ndipo ikatero yatsekera king wake yemwe khomo lomaliza. Knight pa f7, checkmate. Ma move asanu, kupereka queen mkati mwake. Munthu amene sanaionepo sangaipeze ndi masekondi 6, koma amene anaibwereza kakhumi saiwerengera n'komwe, akangoona queen pa diagonal imeneyo ndi knight pafupi dzanja limapita lokha. Imeneyi ndi smothered mate, ndipo inalembedwa kale mu 1497 ndi Lucena wa ku Spain, mpaka lero ikugwirabe anthu pa intaneti tsiku ndi tsiku. Chenjezo limodzi, rook ikakhala pa f8 osati a8, knight yanu ikafika f7 akhoza kungoidya ndi rook, ndiye yang'anani kaye pamene rook ili.

Inu simukufunika ma puzzle 1000 ngati ma grandmaster. Tengani 150 kapena 200 ophweka, mphindi 20 patsiku, mubwereze kanayi kapena kasanu. Ndipo musangoyerekeza move yoyamba n'kudina kuti muone ngati ili bwino, onani mpaka kumapeto m'mutu kenako sunthani, apo ayi mukuphunzitsa dzanja kuthamangira zinthu zosatsimikizika.

FUNSO: Ine vuto langa ndi wotchi. Gemu ndimakhala ndawina kale, queen ndili naye mnzanga alibe, koma nthawi imandithera, kapena ndimathamanga n'kupanga stalemate, mnzanga alibe move koma sali pa cheki, gemu n'kuthera draw. Zimandiwawa kwambiri moti nthawi zina ndimafuna kusiya chess.
Bambo wa zaka 46

YANKHO: Bambo, musasiye chonde, vuto lanuli ndi limodzi mwa osavuta kukonza chifukwa chess yake mukuitha, mukufika pokhala ndi queen wapamwamba ndiye kuti mukusewera bwino.

Choyamba, siyani magemu opanda increment. Sewerani 3+2 kapena 5+3. Mpikisano wa dziko lonse wa blitz wa FIDE, bungwe loyang'anira chess padziko lonse, nawo umaseweredwa pa 3+2, ndipo wa rapid pa 15+10, ndiye palibe manyazi apa. Ndi masekondi 2 pa move, munthu wodziwa njira yake samaluza pa nthawi position yowina.

Koma njirayo muidziwe ndi manja. King ndi queen polimbana ndi king yekha, mukasewera bwino checkmate sipitirira ma move 10. King ndi rook sipitirira 16. Ikani pa kompyuta kapena pa foni, muzimenya Stockfish, pulogalamu yosewera chess, mobwerezabwereza mpaka ya queen muziimaliza pansi pa masekondi 20. Njira yophweka ya queen ndi iyi, muikeni patali ndi king wa mnzanu ngati mmene knight imadumphira, iye akasuntha inu mutsatire momwemo, bwalo lake lizichepa, osapereka cheki zopanda pake. Akafika kumphepete n'kutsala ndi mabokosi awiri okha oyendamo, imitsani queen, musamusunthenso, bweretsani king wanu. Stalemate yambiri imabwera pamenepa, munthu wapitiriza kufinya ndi queen king wa mnzake ali pakona. Mabokosi awiriwo musiyireni mpaka king wanu afike.

Chachiwiri, mukakhala patsogolo kwambiri lekani kufunafuna move yokongola. Sinthanani ma piece, rook kwa rook, bishop kwa knight, bolodi ichepe, chifukwa piece iliyonse ya mnzanu imene yatsala ndi imene ingakupangeni fork nthawi ikutha. Makamaka knight. Pa knight dziwani izi, nthawi iliyonse ikadumpha imasintha mtundu wa bokosi, kuchoka poyera kupita pakuda, ndiye ingapange fork pa ma piece okhawo amene ali pa mabokosi a mtundu umodzi. King wanu akakhala pakuda queen poyera, fork ya knight palibe. Komanso mukaika king mabokosi awiri pa diagonal kuchokera pa knight, tinene knight ili d4 king wanu f6, imafunika ma move atatu kuti ikupatseni cheki. Masekondi 10 akatsala, kudziwa zimenezi kumakupumitsani mtima.

Chachitatu, onani kumene nthawi ikupita. Pa Lichess gemu ikatha pali graph yoonetsa masekondi a move iliyonse. Anthu ambiri amapeza kuti anataya masekondi 40 posankha pakati pa ma move awiri abwino onse, rook iyi kapena iyo pa d1. Pamalo ngati pamenepo sankhani imodzi muzipita. Nthawi isungireni pamene ma piece akhudzana, pamene pali kudyana ndi ma cheki.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 9 amakonda chess koma amangosewera bullet ya mphindi imodzi pa foni, ndipo gemu iliyonse amatulutsa queen msanga kufuna checkmate ya ma move anayi ija. Amawina ndithu anzake. Ndimuletse?
Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, kumuletsa chess ayi, koma bullet yokhayo ichepe, ine pamenepa sindikayika. Pa mphindi imodzi mwana saphunzira kuyang'ana bolodi, amaphunzira kuthamangitsa chala, ndipo chizolowezi chosuntha usanaone chikalowa ali wamng'ono chimavuta kuchotsa. Muuzeni kuti bullet adzisewera pang'ono kumapeto, koma ayambe wasewera gemu imodzi kapena ziwiri za mphindi 10 kapena 15, ndi ma puzzle ochepa a checkmate ya move imodzi.

Checkmate akuikondayo ndi scholar's mate, pawn e4, queen h5, bishop c4, queen kudya f7. Si yoipa kuidziwa, ikumuphunzitsa chinthu choona, kuti f7 ndi bokosi lofooka poyamba chifukwa amaliteteza ndi king yekha. Koma akakumana ndi wodziwa, wa zakuda amangosewera knight c6, kenako pawn g6 kuthamangitsa queen, queen akapita f3 knight f6 yatseka, ndiye wa zakuda akutulutsa ma piece mwana wanu akungoyendetsa queen uku ndi uku. Tsiku limenelo lifika lokha, ndipo ndi pamene adzamve bwino kuposa kumuuza.

Popeza amakonda misampha, mupatseni wina umene umaphunzitsa zambiri, Légal's mate, dzina lake likuchokera kwa wosewera wa ku France wa m'ma 1700. Zoyera e4, zakuda e5, knight f3, pawn d6, bishop c4, bishop g4, knight c3, pawn g6. Apa knight ya f3 ikuoneka ngati yamangidwa chifukwa kumbuyo kwake kuli queen, koma imadya pawn ya e5 basi. Wa zakuda akakondwa n'kudya queen pa d1, bishop imadya f7 ndi cheki, king e7, knight d5 checkmate. Ana amaikonda kwambiri imeneyi. Koma mumuonetsenso mbali inayo, wa zakuda akanakhala kuti anaika knight pa c6 m'malo mwa g6, knight yake ikanangodya pa e5 n'kutetezanso bishop ya g4, wa zoyera wataya piece. Chithunzi chomwecho, kusiyana piece imodzi, zotsatira zake zosiyana kotheratu. Mwana akamvetsa chifukwa chake uwu ukugwira uwu ukukana, wayamba kusewera chess yeniyeni.

FUNSO: Puzzle Rush ndi Puzzle Storm zimathandiza kapena ndi masewera chabe?
Wa pa foni

YANKHO: Zimathandiza, bola muziyang'ana amene mwalakwitsa. Puzzle Rush ya Chess.com, imene inabwera mu 2018, mukalakwitsa katatu mwatuluka, Puzzle Storm ya Lichess ndi mphindi 3 ndipo ndi yaulere. Zonse zimayesa liwiro la diso, chimene blitz imafuna. Koma anthu ambiri ikatha amangodina kuyambiranso kuthamangitsa record, atatu analakwitsa aja osawaona n'komwe, chikhalirecho atatu amenewo ndi amene anali phunziro la tsikulo. Kawiri kapena katatu musanayambe magemu, kenako bwererani pa olakwika, zakwana.

FUNSO: Akochi ndili ndi manyazi. Dzulo ndinasiya checkmate ya move imodzi, mnzanga anangoika queen pafupi ndi king wanga gemu n'kutha, ine ndili kalikiliki kuwerengera zanga mbali ina. Ndasewera zaka zisanu. Kodi mutu wanga ndi wa chess?
Wamanyazi

YANKHO: Achimwene, mutu wanu ulibe vuto. Mu 2006 ku Bonn, Vladimir Kramnik, ali champion wa dziko lonse, ankasewera ndi kompyuta ya Deep Fritz, gemu yaitali osati blitz, nthawi inalipo yambiri pa wotchi yake. Anaganiza, n'kusuntha queen wake kupita e3, kompyuta n'kuika queen pa h7, checkmate ya move imodzi. Chimene anthu ambiri odziwa anafotokoza pambuyo pake n'chakuti knight imene inkateteza h7 inali pa f8, malo achilendo. Queen pa h7 tinazolowera kumuona akuthandizidwa ndi knight ya pa g5 kapena f6, kapena bishop pa diagonal ya b1 mpaka h7. Knight ya zoyera pa f8, mkati mwenimweni mwa nyumba ya zakuda, chithunzi chimenecho sichibwera kawirikawiri, ndiye belu la m'mutu silinalire ngakhale kwa munthu ngati ameneyo.

Phunziro lake kwa inu lili pawiri. Diso limaona zimene linazolowera, ndiye liwonjezereni zithunzi, makamaka za checkmate, ndipo muzizionanso muli mbali yomenyedwa. Tembenuzani bolodi, tengani puzzle ya checkmate muiyang'ane kuchokera kwa amene akuluzayo, mudzifunse kuti move imodzi m'mbuyomo akanadziteteza bwanji. Ndi ochepa amene amachita zimenezi koma pa blitz zimapulumutsa magemu ambiri. Chinacho, pamene diso lingaphonye pamafunika kachizolowezi kosadalira diso. Mukasankha move, musanaisewere, funsani mwachangu, ndikatere ali ndi cheki yanji, angadye chiyani? Cheki kaye, kudya pambuyo. Poyamba zidzakudyerani masekondi atatu anayi pa move ndipo mudzaluzako pa nthawi, ndiye yeserani pa magemu a 10+5 kapena 15+10 mpaka zifupike zokha. Ndipo mwanena nokha kuti munali kalikiliki ndi zanu mbali ina, pamenepo ndi pamene ngozi imakhalira, nthawi imene plan yanu ikukoma kwambiri.

FUNSO: Ena amati blitz imaononga chess ya munthu, ena amati ndi practice yabwino. Zoona ndi ziti? Ine ndimasewera mwina magemu 30 usiku uliwonse koma sindikukwera.
Wosagona

YANKHO: Blitz payokha siononga, koma siphunzitsa zambiri, imangoonetsa zimene muli nazo kale. Taonani amene amawina. Ku Herceg Novi mu 1970, pa mpikisano wa blitz wa mphindi 5 umene unasonkhanitsa akuluakulu a nthawi imeneyo, Bobby Fischer anapeza 19 pa 22, Mikhail Tal wachiwiri ali kutali. Tal yemweyo anadzawina mpikisano wa dziko lonse wa blitz ku Saint John, Canada, mu 1988 ali ndi zaka 51, Kasparov ndi Karpov ali momwemo. Masiku ano Magnus Carlsen wautenga kambirimbiri. Onsewa ndi anthu amene anali kale akatswiri a magemu aatali, zithunzi zinadzaza m'mutu, blitz ikungotulutsa. Tal wa zaka 51 sanawine chifukwa cha dzanja lothamanga kuposa anyamata.

Magemu 30 usiku umodzi, gemu ya 25 mukusewera muli wotopa komanso mwina wokwiya chifukwa cha zitatu mwaluza motsatizana, ndiye mukubwereza zolakwa zomwezo n'kuzikhomerera. Dulani afike 6 kapena 8. Mukaluza awiri otsatizana imani kaye, dzukani pampando. Ndipo iliyonse mwaluza itsegulenimo mphindi ziwiri zokha, osati kuwerenga zonse zimene engine ikunena, ingopezani move imodzi pamene zinthu zinagwa, muyese kupeza nokha chimene munayenera kusewera musanayatse Stockfish, kenako lembani mawu amodzi m'kabuku kapena mu foni, fork ya knight, mzere wakumbuyo, piece yosatetezedwa, pin, nthawi. Pakatha masabata awiri werengani kuti mawu ati abwera kwambiri. Akakhala fork ya knight, sabata yotsatira ma puzzle anu onse akhale a fork ya knight, 20 kapena 30 patsiku, ophweka, musanatsegule gemu yoyamba. Lichess imakuthandizaninso pamenepa, pa analysis ya gemu yanu pali batani lokubwezerani pamalo amene munalakwitsa kuti muyesenso nokha, ndipo pa puzzle dashboard imakuonetsani mitu imene mukufooka. Mukatero mwezi wathunthu mundilemberenso, munditumizire ndi mawu atatu amene anatsogola m'kabuku kanu, tidzaone poyambira.